Maselo oyera m'matumbo mwa mwana amene sakudwala

MayiWaMapasa: Moni nonse a m'gulu. Ndithandizeniko kumvetsa pepala ili. Mmodzi mwa mapasa anga wakhala akudandaula m'mimba kwa nthawi ndithu, mpaka adokotala anaganiza zomuyang'ana ndi kamera ija amalowetsa pakamwa, n'kutapako tizidutswa ta mnofu kuti akatiyeze. Zotsatira zatuluka, ati zonse zili bwino. Koma nditawerenga ndekha ndapeza alemba kuti m'matumbo aang'ono muli ma lymphocyte, ma plasma cell ndi ma eosinophil. Ine ndimadziwa kuti amenewa ndi asilikali a m'thupi. Nanga asilikali akukatani komwe kulibe nkhondo? Kodi sikuti angondilimbitsa mtima?

WaLabu: Amayi, mtima m'malo. Ntchito yanga ndi imeneyi: kudula tizidutswa totero mopyapyala, kutipaka utoto, n'kutipereka kwa dokotala woona pa maikulosikopu. Kunena zoona, kachidutswa ka m'matumbo kakabwera kopanda maselo amene mwatchulawo, m'pamene timaitanizana kuti tabwerani mudzaone. Mwana wamkulu ndithu amene m'matumbo mwake simukupezeka ma plasma cell ndi amene timamukayikira kuti chitetezo chake chili ndi vuto.

Pa galasi zimaoneka chonchi. Pamwamba pali mzere umodzi wokha wa maselo aatali oima mothithikana, amene amayamwa chakudya. Pansi pa mzerewo pali mnofu wofewa, lamina propria, ndipo m'menemo ndi momwe mwadzaza asilikaliwo. Ma lymphocyte ndi timadontho tozungulira ta buluu woderako. Ma plasma cell ndi okulirapo, chapakati chawo chimakhala chokankhidwira kumbali. Ma eosinophil sungawaphonye, amakhala ndi timibulu tofiira towala ndipo chapakati chawo n'chogawika pawiri. Paul Ehrlich anawazindikira ndi utoto womwewu wa eosin mu 1879, ndipo mpaka lero tikugwiritsabe ntchito womwewo.

Ife timafunsa zinthu zitatu: ndi amtundu wanji, akhala pati, achuluka bwanji.

MayiWaMapasa: Zikomo achimwene. Koma ndiye akudikira chiyani m'menemo?

DokotalaWaAna: Ndiyankhepo ine pamenepo. Amayi, tangoganizani zonse zimene mwana amameza pa tsiku. Chakudya, madzi, malovu, zala zimene wagwira nazo pansi, chidole chimene mnzake anangochilavula. Onjezanipo mabakiteriya osawerengeka amene amakhala m'matumbo mwake masiku onse. Pakati pa zonsezi ndi magazi a mwanayo pali mzere umodzi uja wokha umene WaLabu wanena. Malo otero sangakhale opanda alonda.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ntchito yaikulu ya alonda amenewa ndi kudziletsa. Akanati azimenyana ndi chilichonse chachilendo, bwenzi mwana aliyense akutupa matumbo akangodya. Pali gulu la ma lymphocyte, ma regulatory T cell, limene limaphunzitsa anzawo kuti chakudya ndi mabakiteriya abwino azisiyidwa. Ma macrophage a m'matumbo amameza tizilombo timene tadutsa mzere uja mwakachetechete, osadzutsa thupi lonse monga amachitira anzawo a malo ena. Ma plasma cell nawo amapanga IgA, puloteni yoteteza thupi, yomwe imatulukira m'kati mwa matumbo n'kukamatira tizilombo m'zonanda zimene zimakuta khomalo kuti tisafike pa mnofu. Munthu wamkulu amatulutsa magalamu pafupifupi 3 mpaka 5 a IgA tsiku lililonse. Ndiye pepala lanulo likungofotokoza matumbo amene akugwira ntchito yake.

WophunziraUdokotala: Ndipo musaiwale kuti 70 peresenti ya chitetezo chonse cha m'thupi ili m'matumbo. Zili m'manotsi athu.

DokotalaWaAna: Chiwerengero chimenecho chayenda kwambiri, moti chimapezeka ngakhale pa mabotolo a ogulitsa mankhwala. Koma mu 2023 Ron Sender, Ron Milo ndi anzawo anawerengetsera maselo onse a chitetezo m'thupi n'kutulutsa zotsatira mu magazini ya PNAS. Anapeza kuti m'mimba ndi m'matumbo muli pafupifupi 3 peresenti yokha ya maselo onsewo. Ambiri ali m'mafuta a m'mafupa, mu kapamba ndi m'tinthu tija timatupa tikati munthu watuluka mwanabere. Pamene 70 peresenti ikugwira ndi pa ma plasma cell, amenewo ndiye ambiri alidi m'matumbo. Anawerengetseranso kuti mwana wa zaka 10 ali ndi maselo a chitetezo pafupifupi 1 thiriliyoni.

WophunziraUdokotala: Koma adokotala, amenewo anangowerengetsera pogwiritsa ntchito zimene ena analemba kale, sanawerenge selo limodzilimodzi. Pa mayeso ndilemba 70 yomweyo.

DokotalaWaAna: Pa mayeso lemba zimene aphunzitsi akufuna, ine sindikufuna ulephere chifukwa cha ine. Koma ukamadzalankhula ndi makolo uzidzanena kuti ndi ma plasma cell.

BamboWaAwiri: Ndilowererepo. Mwana wanga atatsegula m'mimba anayeza chimbudzi n'kunena kuti muli ma pus cell ambiri, anamupatsa mankhwala. Ndiye ngati maselo oyera m'matumbo si vuto, bwanji anamupatsa mankhwalawo?

NamwinoWaWodiYaAna: Abambo, zimenezo ndi zina. Ma pus cell amene amawaona m'chimbudzi kawirikawiri amakhala ma neutrophil. Amenewa kwawo ndi m'magazi. Amathamangira ku matumbo pokhapokha khoma likavulala kapena tizilombo tikalowa mu mnofu, monga pa kamwazi. Ndiye akapezeka ochuluka m'chimbudzi, makamaka pamodzi ndi magazi ndi kutentha thupi, ndi chizindikiro chakuti pali kutupa. Amene akunena a MayiWaMapasa ndi okhazikika m'khoma, sachokamo.

WaLabu: Asisita anena zoona. Ifenso pa galasi tikaona neutrophil italowa pakati pa maselo a mzere wapamwamba uja, kapena itaunjikana m'timaenje ta m'khoma, timadziwa kuti pali moto woyaka pakali pano. Lymphocyte zana m'lamina propria sizindidetsa nkhawa ngati ma neutrophil ochepa okhala pamalo olakwika.

NamwinoWaWodiYaAna: Komanso poti tatchula ma neutrophil, pali kuyeza kuja kwa calprotectin m'chimbudzi, puloteni yochokera mu ma neutrophil imene imakwera matumbo akatupa. Kwa akuluakulu amati ikhale yosapitirira 50. Makanda athanzi bwinobwino amakhala nayo yokwera kuposa pamenepo, nthawi zina kangapo konse, ndipo imatsika akamakula. Ndaonapo makolo akulira ndi pepala la khanda la miyezi itatu chifukwa nambala inalembedwa mofiira, pomwe muyezo umene makina anagwiritsa ntchito ndi wa munthu wamkulu.

AgogoAAnyamata: Ana inu, bwanji kuvutika ndi zonsezi. Ine ndili ndi mankhwala a zitsamba okweza chitetezo cha m'matumbo, amatsuka ndi kuonjezera asilikali. Ofuna andipeze ku inbox.

Admin: Agogo, ndi ulemu wonse, malonda m'gulu muno ayi. Uthenga wina wotero ndichotsa.

DokotalaWaAna: Ndipo agogo, mwana amene asilikali a m'matumbo mwake akwezedwa ndi amene timamugoneka m'chipatala. Matenda otupa matumbo a Crohn ndi ulcerative colitis, komanso celiac, pamene thupi limadana ndi gluten wa mu tirigu, onsewa ndi chitetezo chimene chasiya kudziletsa.

MayiWaMapasa: Ine amene akundivutabe ndi ma eosinophil. Ndinawerengapo kuti amabwera chifukwa cha njoka za m'mimba kapena thupi likamadana ndi chakudya china.

WaLabu: Amachulukadi pa zimenezo, koma ochepa amakhalapo kale. Ndipo awa ndi osangalatsa chifukwa kuchuluka kwawo kumasintha ukamatsika ndi njira ya chakudya. Kum'mero kwa mwana wathanzi sapezekako, mwina mmodzimmodzi. N'chifukwa chake kum'meroko tikawerenga 15 kapena kuposa pa malo amodzi oonekera pa maikulosikopu timayamba kuganiza za eosinophilic esophagitis, matenda otupa kum'mero chifukwa cha kuchuluka kwa maselowa. M'chifu amakhalamo ochepa. M'matumbo aang'ono amaonjezereka. Pofika pamene matumbo aakulu amayambira, pa cecum, m'pamene amachuluka koposa, kenaka amayamba kuchepanso mpaka kumapeto. Ndiye 20 kum'mero ndi nkhani yaikulu, 20 pa cecum palibe amene angatembenuke.

Mabungwe awiri a madokotala a matumbo a ana, ESPGHAN wa ku Ulaya ndi NASPGHAN wa ku North America, anatulutsa malangizo ogwirizana pa nkhaniyi. M'menemo malire oyambira kukayikira matenda m'chifu ndi 30, pamene pa cecum ndi 100. Mukuona kusiyana kwake.

WophunziraUdokotala: Nanga manambala amenewa anawapeza bwanji? Anayeza ana angati athanzi?

DokotalaWaAna: Wafunsa funso limene ndimafuna wina afunse. Palibe kholo limene lingapereke mwana wosadwala kuti amugoneke tulo ndi mankhwala, amulowetse kamera, amudule mnofu, cholinga chongofuna kuwerenga maselo. Ndipo palibe komiti yoona za kafukufuku imene ingalole. Ndiye amene timawatcha ana athanzi m'mabukumu ndi a magulu awiri. Ena ndi ana amene anabwera ndi dandaulo, monga kupweteka m'mimba, anawayang'ana, osapeza kanthu, kenaka n'kuwaika m'gulu la abwinobwino. Umu ndi mmene DeBrosse ndi anzake ku Cincinnati anachitira mu 2006. Ena ndi ana omwalira amene anapimidwa, monga mu kafukufuku wa Lowichik ndi Weinberg wa mu 1996. Magulu onse awiriwa ali ndi chilema chake. Mwana wodandaula m'mimba mwina ali ndi kanthu kamene sitinakaone. Mnofu wa womwalira umayamba kusintha msanga, makamaka wa m'matumbo.

Choncho ine manambalawa ndimawalemekeza, koma sindiwagwadira.

WaLabu: Adokotala, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Mukatero achinyamata adzayamba kunyoza kuwerenga. Popanda nambala aliyense azinena zake, wina ati achuluka, wina ati ayi, pa galasi limodzi lomwelo. Vuto limene ine ndimaliona ndi la chida. Malo amodzi oonekera aja sakhala ofanana pa maikulosikopu onse. Wina amaonetsa malo okulirapo kuposa mnzake, ndiye kachidutswa komweko kamapereka manambala awiri osiyana. N'chifukwa chake masiku ano akutilimbikitsa kulemba kuchuluka pa sikweya milimita. Malangizo ndatchula aja ananena poyera kuti malo awo ndi a 0.27 sikweya milimita. Tikakonza zimenezo, manambala adzayamba kulankhula chinenero chimodzi.

DokotalaWaAna: Sindikukana kuwerenga, achimwene. Ndikuti ngakhale mutakonza chida, funso lakuti wathanzi ndani likhalapobe. Ana okulira m'malo osiyana amakhala ndi matumbo osiyana. Kumene madzi ndi ukhondo zili zovuta, ana ambiri amene akusewera, akudya, osatsegula m'mimba, ukawayang'ana m'matumbo aang'ono umapeza ma lymphocyte ochuluka ndipo timphukira toyamwa chakudya, ma villi, tafupika. Amati environmental enteric dysfunction. Kodi mwana wotero timutche wathanzi chifukwa anzake onse ali choncho? Ine ndimati ayi, chifukwa zimenezi zimayendera limodzi ndi kupinimbira, ndipo akatemera odonthezera m'kamwa, wa poliyo ndi wa rotavirus, sagwira mwamphamvu mwa ana otero ngati mmene amagwirira mwa ena. Koma sindingamuyezenso ndi muyezo wa ku Cincinnati n'kumulembera matenda a celiac.

WaLabu: Pamenepo tagwirizana. Ndipo celiac mwaitchulayo ndi chitsanzo chabwino. Pali ma lymphocyte ena amene amakhala pakati penipeni pa maselo a mzere wapamwamba, ma intraepithelial lymphocyte. Timawawerenga pa maselo 100 a mzerewo. Kale malire ankati 40, kuchokera pa ntchito ya Ferguson ndi Murray ya mu 1971. Masiku ano mu duodenum, chiyambi cha matumbo aang'ono, ambiri timagwiritsa ntchito 25. Akapitirira pamenepo ma villi ali bwinobwino, ndiye sitepe yoyamba pa ndondomeko yoyezera kuonongeka kwa matumbo pa celiac imene Michael Marsh anakonza mu 1992. Koma kupitirira kokhako sikutanthauza celiac. Kachilombo ka m'matumbo kotchedwa Giardia kamachititsa zomwezo. Bakiteriya wa m'chifu, Helicobacter pylori, nayenso. Ngakhale mankhwala opha ululu a gulu la ibuprofen. Ine ndikalemba nambala, ntchito yotsala ndi ya dokotala amene wamuona mwanayo ndi maso.

MayiWaKhanda: Ine wanga ndi wa milungu isanu ndi umodzi. Ndiye nayenso ali nawo kale asilikali amenewa?

DokotalaWaAna: Nyumba zake anabadwa nazo, koma antchito akubwera pang'onopang'ono. Kumapeto kwa matumbo aang'ono, ku ileum, kuli timagulu ta ma lymphocyte totchedwa Peyer's patches. Johann Conrad Peyer wa ku Switzerland anatifotokoza mu 1677. Timayamba kupangika mwana ali m'mimba. J. S. Cornes atatiwerenga mu 1965 anapeza kuti mimba isanakwane milungu 30 timakhala pafupifupi 60, ndipo timachuluka mpaka pafupifupi 240 pa nthawi yotha msinkhu, kenaka timayamba kuchepa munthu akamakula.

Koma ma plasma cell opanga IgA pobadwa amakhala kulibe kapena ochepa zedi. Amayamba kuoneka m'milungu yoyambirira, mabakiteriya akayamba kukhazikika m'matumbo, ndipo zimatenga zaka kuti afike pa mlingo wa munthu wamkulu. Mpata umenewo umatsekedwa ndi mkaka wa m'mawere, makamaka woyamba uja wachikasu, umene uli ndi IgA yambiri. Ndipo IgA imeneyo si yachisawawa. Maselo amene anaphunzira m'matumbo mwa inu mayi amasamukira ku mawere, ndiye mwana amalandira chitetezo cholimbana ndi tizilombo timene inu mwakumana nato, tomwenso iye akumane nato.

WophunziraUdokotala: Ndionjezereko ya mbewa za kafukufuku. Mbewa zoleredwa mopanda tizilombo n'komwe zimakhala ndi ma Peyer's patch aang'ono ndi ma plasma cell ochepa kwambiri. Akazipatsa mabakiteriya, chitetezo cha m'matumbo chimayamba kukula. Ndiye mabakiteriya ndi aphunzitsi.

DokotalaWaAna: Eya, apo wakhoza. Ndipo pamwamba pa ma Peyer's patch pali maselo apadera, ma M cell, amene Owen ndi Jones anawafotokoza mu 1974. Ntchito yawo ndi kutapa dala zimene zikudutsa m'matumbo n'kuzipereka kwa ma lymphocyte apansi kuti azidziwe. Katemera wa m'kamwa amadalira njira imeneyi. Tsoka lake, tizilombo tina tinaidziwanso. Ta taifodi timalowera pomwepo, n'chifukwa chake taifodi ikakula, kawirikawiri cha m'sabata yachitatu, matumbo amabooka ku ileum, pa timagulu tomweti.

BamboWaAwiri: Ndiye timagulu timeneti tikhoza kutupa ngati mwanabere?

NamwinoWaWodiYaAna: Timatupa, abambo. Mwa ana si zachilendo n'komwe. Amene amagwira kamera akalowa ku ileum ya mwana nthawi zambiri amapeza timatuza ting'onoting'ono tosalala tambirimbiri, ndipo amangodutsa, chifukwa pa msinkhu umenewo ndi mmene kumaonekera. Mwa munthu wachikulire akanaima kaye. Pakhosi n'chimodzimodzi, ma tonsil a mwana wa zaka zisanu ndi aakulu kuposa a bambo ake.

Koma pali pamodzi pamene ndimafuna makolo a ana aang'ono atchere khutu. Nthawi zina, makamaka mwana akangochira chimfine kapena kutsegula m'mimba, kagulu kamodzi kamatupa kwambiri mpaka thumbo limayamba kudzimeza, gawo lina kulowa m'kati mwa linzake. Imeneyo ndi intussusception, ndipo imakonda ana osakwana zaka ziwiri. Mwana amalira mwadzidzidzi atapinda miyendo, kenaka amakhala chete ngati wachira, pakapita mphindi zingapo ayambiranso. Amasanza. Mochedwerapo amatulutsa chimbudzi cha magazi osakanikirana ndi zonanda. Ena salira kwambiri, amangofooka n'kuyezuka. Musadikire magaziwo. Kulira kobwera n'kumapita kotero, thamangani naye usiku womwewo.

MayiWaKhanda: Asisita mwandiopsa tsopano.

NamwinoWaWodiYaAna: Pepani achemwali, sikuti zimachitika kwa aliyense, ndi ana ochepa. Koma amene wafika msanga nthawi zambiri amamuwongola ndi mpweya kapena madzi osachita opaleshoni, pamene wochedwa amakathera ku fiyeta. N'chifukwa chake ndimazinena.

MayiWaMapasa: Ndamva zonse. Koma ndiye ngati matumbo ali bwino, m'mimba mukupwetekeranji?

DokotalaWaAna: Amayi, pa gulu sindingamuyeze mwana, zimenezo mukambirane ndi amene akumuona. Ndingonena kuti ana ambiri opweteka m'mimba mobwerezabwereza mnofu wawo umatuluka wabwinobwino. Ululuwo ndi weniweni, sikuti akunamizira. Nthawi zambiri umachokera ku kudzimbidwa, kapena ku minyewa ya m'matumbo imene imamva msanga kutambasuka kumene mwana wina sangakumve. Zimene zimatichititsa kufufuzanso ndi kuonda, kusakula, magazi m'chimbudzi, kusanza kosalekeza, kutentha thupi kobwerabwera, kapena ululu womudzutsa usiku.

BamboWaAwiri: Funso lomaliza kwa ine. Mwana wa mlongo wanga anamuchotsa apendikisi. Ndamva kuti namonso muli asilikali omwewa. Ndiye chitetezo chake chatsika?

WaLabu: Mulidi ambiri. Apendikisi ya mwana ukaidula mopingasa, khoma lonse lazunguliridwa ndi timagulu ta ma lymphocyte, kabowo kapakati n'kukhala kakang'ono. Ya munthu wokalamba imakhala itatsala ndi ochepa. Ndipo kutupa kwa timaguluto ndi chimodzi mwa zimene zimatseka kabowoko n'kuyambitsa matendawo mwa achinyamata.

DokotalaWaAna: Koma pa funso lanulo, abambo, mwanayo azidya, azisewera, azilandira akatemera monga anzake onse. Ma Peyer's patch alipo, timagulu tina ting'onoting'ono tamwazikana m'matumbo aakulu monse, ndipo ma plasma cell a m'lamina propria sanakhudzidwe. Safunika mankhwala oonjezera chitetezo.

WophunziraUdokotala: Adokotala, nanga mesenteric adenitis, mwanabere wa m'mimba uja, timaisiyanitsa bwanji ndi apendikisi pamene onse akupweteka kumanja kwa m'munsi?

DokotalaWaAna: Ndi manja okha n'zovuta, ndipo akatswiri omwe amapusitsidwa. Ya mwanabere wa m'mimbayo kawirikawiri imabwera pambuyo pa chimfine kapena zilonda za pakhosi, ululu wake sukhazikika malo amodzi, ndipo mwana amalola kuti umukanikize pamimba. Wa apendikisi amaumitsa mimba, safuna kudumpha kapena kutsokomola, ndipo ola lililonse akuipiraipira. Sikani imathandiza. Ukakayika, mugoneke, umuonenso pakapita maola ochepa. Tsegula mutu wake wapadera, tikakambirane kumeneko, kuno tasokoneza kale funso la amayi.